Dzina la Malemu pa Bwalo la Nkhunda

Mvula yamawawa inagwa masiku atatu osakata, moti ngakhale nkhunda zinanyanyala kutuluka. Nesi anakwera masitepe a kuseri kwa nyumba atanyamula chitini cha njere, n'kutsegula khola limene mwamuna wake anamanga padenga. Nkhunda khumi ndi zinayi zinangomuyang'ana zitafufumitsa nthenga, ngati kuti mvulayo anaitana ndi iyeyo.

Foni inanjenjemera m'thumba la juzi. Uthenga unali waufupi: "Mubwere lero. Pali nkhani yoti sindingathe kuilemba, ndikufuna ndiinene ndikukuonani m'maso."

Wolemba anali bambo wokonza mawotchi, amene onse ankangomutchula kuti Wamawotchi. Iye sanali munthu wolemba mwachidule chonchi.

Mwamuna wa Nesi anamwalira chaka chatha, n'kumusiyira nkhunda, mayi ake okalamba osaona bwino, ndi foni imeneyi. M'fonimo munali tsamba la pa intaneti lotchedwa Bwalo la Oweta Nkhunda, kumene anthu a m'mizinda yosiyanasiyana, ambiri osaonanapo nkhope, amakangana za njere, kusinthana maunda ndi kupepesana nkhunda ikagwidwa ndi mphamba. Kumeneko malemuyo ankadziwika ndi dzina loti Mphepo, ndipo kwa zaka khumi anali ngati mphunzitsi wa onse.

Patatha masabata atatu chiikireni maliro, nkhunda ina inatupa pakhosi. Nesi amadziwa kubaya anthu jakisoni, koma za mbalame anasowa pogwira. Anatsegula foni ya malemu, napeza tsambalo lili chitsegukire, ndipo anafunsa funso lake pa dzina la Mphepo. Anthu makumi atatu anaseka, poganiza kuti mphunzitsi akuwayesa mayeso. Mmodzi yekha ndiye analemba kumbali, kumene ena saona: "A Mphepo sangafunse funso lotere. Ndinu ndani, ndipo iwo ali kuti?"

Tsiku limenelo Nesi analira mpaka maso kutupa, kenako anamuuza zoona. Munthuyo, amene anali Wamawotchi, anamuphunzitsa kutsuka pakhosi pa nkhunda, nasunga chinsinsi. Nkhunda inachira, koma mauthenga sanaleke. Anayamba ndi za zitosi ndi nsabwe za m'nthenga, ndipo palibe akudziwa tsiku limene anafika pa "mwadzuka bwanji" ndi "ndakulotani". Chikondi chilibe ulemu, abale, chimagogoda ngakhale pakhomo pamene misozi sinaume. Ankalemberana pa Bwalo pomwepo, chifukwa foni ya Nesi mlamu wake ankaigwira ngati yake, pamene ya malemu aliyense ankaopa kuikhudza.

Atatsika, anapeza apongozi ake atakhala pampando wawo pafupi ndi zenera, bulangete lili m'miyendo.

"Mwana wanga, kanyali kayaka lero?"

Nesi anawayandikizira foni kumaso. Pambali pa chithunzi cha malemu panali kadontho kobiriwira, kosonyeza kuti mwini dzina ali pa tsamba. Mayiwo sanali ozerezeka ayi, ankadziwa bwino lomwe kuti woyatsa ndi mpongozi wawo. Komabe m'mawa uliwonse ankafuna kukaona n'kukasisita ndi chala.

"Bola dzina lake likuyendabe pakati pa anzake," anatero. "Usadzalizimitse, wamva?"

"Ndamva, amayi."

* * *

Shopu ya Wamawotchi inali kachipinda kopanikizika pakati pa malo ometera ndi sitolo ya nsapato. Pakhoma panali mawotchi oposa makumi awiri, iliyonse ikunena nthawi yakeyake. Nesi anaika pa kauntala dengu lovindikira mmene munali nkhunda yaikazi yotuwa. Anafuna kuti mphatsoyo ifewetse nkhani isanayambe.

Wamawotchi anavula kagalasi ka padiso, nathira tiyi m'makapu awiri. Anali munthu wa zaka makumi anayi, wosakwatira, wa zala zazitali ndi mawu otsika. Lero sanamwetulire.

"Dzulo ndinalemba kuti ndakusowani," anayamba. "Nditatumiza, ndinakweza maso. Pamwamba pa uthengawo panali nkhope ya a Mphepo, akusekerera, atanyamula nkhunda yawo yoyera ija. Munthu amene anandiphunzitsa kumanga khola. A Nesi, chaka chathunthu ndakhala ndikufunsira mkazi wa mnzanga kudzera m'khutu la mnzangayo."

"Koma mumadziwa kuti wowerenga ndine."

"Ndimadziwa. Koma manyazi sakundithera. Ine ndikufuna mkazi wokhala ndi dzina lake. Ndikufuna ndifike kwanu masana dzuwa likuswa mtengo, ndilowere khomo lakutsogolo, ndipereke moni kwa amayi. Lengezani pa Bwalo kuti a Mphepo anatisiya. Anzawo akuyenera kuwalira."

"Amayi afa nacho chisoni. Kadontho kaja ndi kamene kamawadzutsa m'mawa."

"Nanga ine chondidzutsa n'chiyani?"

Nesi anayang'ana m'kapu. "Mundipatse nthawi pang'ono."

"Munatero mvula isanayambe. Zengerezu adalinda kwawukwawu." Anatambasula dzanja n'kugwira lake. "Sindikukuthamangitsani. Ndatopa chabe kubisala kumbuyo kwa munthu wakufa."

Belu la pachitseko linalira, ndipo fungo la perefyumu linalowa mwini wake asanalowe. Anali Mlembi wa Bwalo, mayi wamtali amene amavomereza mamembala atsopano, kufufuta zotukwana ndi kusunga kaundula wa mphete za nkhunda. Wotchi yake inali ndi matenda odabwitsa: inkawonongeka masabata awiri alionse, ndipo dokotala wake anali mmodzi yekha mumzinda wonse.

"Ayi ndithu, yayambanso kuchedwa," anatero akuivula. Maso ake anaona makapu awiri, anaonanso manja akusiyana mofulumira, kenako anatera pa dengu.

Oweta nkhunda sayamba ndi nkhope ya munthu, amayamba ndi mwendo wa mbalame. Mlembi anavundukula dengu osapempha, nagwira nkhundayo mwaluso, n'kutembenuza kamphete ka kumwendo.

"Iyi ndi ya khola la a Mphepo. Nambala zimenezi ndinalemba ndine." Anamuyang'ana Nesi kuyambira kumutu mpaka kunsapato zonyowa. "Inu ndiye ndani?"

"Ndine mkazi wawo."

"Ooo! Amayi a kunyumba! Nanga bambo ali bwanji? Chaka chonse osaoneka ku msonkhano, ndipo masiku ano amafunsa mafunso ngati mwana wa dzulo."

Apa ndi pamene Nesi akanangonena mawu atatu, nkhani n'kutha. Wamawotchi anamuyang'ana, maso akumupempha. Koma mantha ndi chilombo, amalankhula mwini pakamwa asanaganize.

"Ali bwino," anatero. "Angotanganidwa."

Kasikuludiraiva kanagwa m'manja mwa Wamawotchi n'kugubudukira pansi pa kauntala.

"Tithokoze Mulungu," anatero Mlembi, akumwetulira ndi mano okha. "Mukawapatse moni. Mukawauze kuti akazi awo tawaona, akusamalidwa bwino ndithu." Anatenga wotchi yake, imene inali itachira yokha, n'kutuluka.

Wamawotchi anavindikira dengu pang'onopang'ono.

"Mwawaukitsa," anatero.

"Ndinachita mantha. Pepani."

"Ndiye ine tsopano ndine wakuba mkazi wa mphunzitsi wanga, mwini ali moyo. Pofika mawa Bwalo lonse likhala litamva." Anamukankhira dengulo. "Bwererani nayo. Pa Bwalo nkhunda ikasintha khola, mwini wake amalemba yekha kuti wapereka. Mwanena kuti ali bwino. Akadzapeza mpata, adzalembe."

* * *

Lolemba linatha, Lachiwiri linatha, foni ili zii. Nesi ankatsegula tsamba kakhumi pa ola. Dzina la Wamawotchi linali lozima, koma Mlembi ndiye anali maso. Pa bwalo lalikulu, pamene aliyense amawerenga, analemba kuti: "Abale, tizitseka makola. Si mphamba yekha amene amazemba mwini akatanganidwa." Anthu oposa makumi asanu anaikapo tinkhope toseka, ena akufunsa kuti kwagwanji. Nesi anawerenga mutu uli waa.

Lachitatu kunabwera mlamu wake, mlongo wa malemu, kudzatsuka tsitsi la mayi ake monga amachitira sabata iliyonse. Anali mkazi wonenepa, wogwira ntchito mwaphokoso, amene chikondi chake pa mchimwene wakeyo chinasanduka ukali chimwalirireni. Anamupeza Nesi kukhitchini akupukuta mbale yomweyomweyo, foni ya malemu ili pambali.

"Alamu, foni ya achimwene imakuuzani chiyani? Mwezi watha inkakuseketsani, lero ikukulizani."

"Ndi za nkhunda."

"Nkhunda zimene zimakuchititsani kudzola milomo popita kukagula njere?" Anaponya thaulo pa mpando. "Pachoka mnzako pali malo, eti? Nsapato za achimwene zikadali kuseri kwa chitseko, inu mwayamba kale kuyeza phazi lina."

"Alamu, chonde."

"Ine ndikungokuuzani. Tsiku limene ndidzapeze umboni, m'nyumba muno mudzatuluka ndi dengu lanu la nkhunda basi."

"Iwe!" Mawu a apongozi anachokera kuchipinda chochezera. Maso ndiwo anatha, koma makutu anali akuthwa. "Musiye mwana wanga. Amene amandisambitsa ndi kundidula zikhadabo ndi ndani? Mwamuna wake anapita, iye akanatha kubwerera kwawo, koma anatsala ndi nkhalamba yosaona. Bwera kuno, mwana wanga."

Nesi anapita n'kugwada pambali pa mpando. Dzanja lopepuka linafufuza mutu wake mpaka linaupeza.

"Ine si chitsiru. Ndiwe wamng'ono, sudzakhala wekha mpaka kalekale. Likadzafika tsikulo, ndidzalira, koma ndidzakudalitsa. Chimodzi chokha: ndidzamve kwa iwe, ndi pakamwa pako, ndisadzamve kwa anthu. Si choncho?"

"Ndi choncho, amayi."

Mlamu anatsonya kukhitchini. Nesi anakhalabe chogwada, misozi ikudontha pa bulangete. Akanakonda atamukalipira, chifukwa kukoma mtima kumeneku kunamupweteka kuposa mawu onse a mlamu.

* * *

Mapanga awiri avumbwitsa. Lachinayi masana, pa nthawi yopuma, Nesi anakhala pa benchi ya kuseri kwa chipatala, pansi pa denga lodontha, n'kutsegula tsamba. Anapeza malo olembedwa kuti "Kulengeza imfa ya membala". Panali mabokosi anayi okha: dzina, tsiku, ubale wa wolengeza, ndi mawu otsanzika. Pansi pake panali malamulo a tizilembo ting'onoting'ono, amene sanathe kuwawerenga chifukwa cha misozi. Analemba tsiku lenileni, la chaka chatha, osachotserapo kanthu. Kenako anadina.

Kadontho kobiriwira kanazima pomwepo. Anamva ngati waikanso maliro kachiwiri, koma ulendo uno yekhayekha.

Atapukuta m'maso, anatenga foni yakeyake n'kulembetsa ngati membala watsopano. Pa dzina analemba kuti Nesi. Uthenga wake woyamba unapita kwa munthu mmodzi: "Ndine. Ndabwera ndi dzina langa. Ndalengeza. Lamulungu ndiwauza amayi zonse ndi pakamwa panga. Mukadandifunabe?"

Yankho linatenga mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo anaziwerenga zonse.

"Takulandirani pa Bwalo, a Nesi. Membala watsopano amayenera kunena chimene akufuna kuphunzira."

"Kukhala wopanda mantha."

"Phunziro limenelo n'lalitali. Lingatenge moyo wonse, ndipo mphunzitsi wake amafuna kuonana ndi makolo kaye. Lolemba ndivale tayi?"

Nesi anaseka koyamba m'masiku anayi, mpaka mlonda wa pageti anatembenuka.

Pofika madzulo Bwalo lonse linali pa maliro. Mauthenga anafika mazana atatu. Wina wa kutali anati a Mphepo anamutumizira mankhwala asanamuonepo nkhope. Wina anati anakhala naye pafoni maola awiri tsiku limene khola lake linapsa. Wina amene analowa pa Bwalo ali mnyamata, koma tsopano ali ndi makola atatu, anangolemba kuti: "Bambo anga enieni anali amenewa." Ena anagwirizana zoulutsa nkhunda zawo nthawi imodzi, aliyense mumzinda wake. Nesi anazindikira kuti kwa chaka chathunthu anawamana anthu amenewa maliro a mnzawo, ndipo anachita manyazi.

Lachisanu m'mawa apongozi atafunsa za kanyali, anawauza kuti netiweki yavuta ndi mvula. Anadzilonjeza kuti limeneli ndi bodza lotsiriza. Panatsala masiku awiri okha.

* * *

Loweruka masana, akutuluka pageti la chipatala, uthenga unalowa kuchokera kwa Mlembi.

"Pepani ndi zovutazi, mayi, ngakhale Lolemba lapitali munandiuza kuti ali bwino. Malinga ndi lamulo lachisanu ndi chiwiri la Bwalo, zolemba zonse za pa dzina la malemu, za poyera ndi za kumbali zomwe, zimaperekedwa kwa wachibale amene iwo anamutchula polembetsa. A Mphepo analembetsa asanakwatire, ndipo anatchula mlongo wawo. Lamulo limandipatsa mwezi wathunthu, koma sindinafune kuti ofedwa adikire. Ndatumiza m'mawa uno."

Nesi anaima pakati pa msewu, ambulera itapendekeka, madzi akutsikira m'khosi. Za kumbali zomwe. Chaka chathunthu cha "ndakulotani", cha "ndikanakonda mukanakhala pano", chonsecho chili pansi pa nkhope ya mwamuna wake.

Anaimbira foni Wamawotchi. "Munkadziwa za lamulo lachisanu ndi chiwiri?"

"Mulungu wanga," anatero Wamawotchi. "Lamulo lija tinalipempha ndife, kuti nzeru za akufa zisamatayike. Sindinaganizeko n'komwe. Ndikutseka shopu, ndikubwera."

"Ayi! Mukabwera ndiye mwathira mafuta pamoto. Mwina sanatsegule. Mwina ndiwapeza amayi ali okha."

Basi inachedwa, ndipo itabwera inkaima paliponse. Kuchokera pa siteji Nesi anathamanga, osasamala zithaphwi. Atafika pakhonde, anaona ambulera yofiira ya mlamu itatsamira khoma. Silinali tsiku lake lobwera.

M'chipinda chochezera munali mofunda. Apongozi anali pampando wawo, nkhope ikuwala ngati sanadwalepo, masaya atanyowa. Mlamu anakhala pafupi nawo, foni yake m'manja, akuwerenga mokweza.

"'Nkhunda ikakana kudya, musaikalipire. Khalani nayo pansi, muifunse bwinobwino.'"

Apongozi anaseka mpaka kutsokomola. "Ndi iyeyo! Ndi mmene ankalankhulira! Ndani walowayo? Mwana wanga, ndiwe? Bwera msanga. Anzake a nkhunda atitumizira mawu ake onse, a zaka khumi. Tayamba m'mawa, osadya n'komwe. Ndikumumva ngati ali m'chipinda muno."

"Amayi," anatero Nesi, "ndili ndi nkhani yoti ndikuuzeni. Panopa, tili awiri."

"Nkhani idikire. Lero ndi tsiku la mwamuna wako." Anatambasula dzanja, namugwira pamkono, n'kumukokera pa mpando wa pambali. "Iii, wanyowa! Khala apa, ufunde bulangete langa."

Nesi anakhala. Anakweza maso, nakumana ndi a mlamu. Maso amenewo anali ofiira, ouma, ndipo sanaphethire. Munthuyo anali atawerenga kale mpaka kumapeto, yekha, asanabwere.

"Alamu, ndikupempha," ananong'ona Nesi. "Mundipatse mphindi zisanu zokha."

"Munali ndi chaka," anayankha mlamu motsitsa. Kenako anakweza mawu kuti mayi ake amve. "Amayi, za poyera tamaliza. Zatsala za kumbali, zimene ankalemberana ndi mnzake wapamtima. Zimenezi ndiye zambiri."

"Werenga, werenga! Usadumphe ngakhale liwu limodzi."

"Ine kummero kwauma." Mlamu anayendetsa chala pa galasi mosafulumira, naima pamene ankafuna, n'kuika foniyo m'manja onyowa a Nesi. Pamwamba panali nkhope ya malemu akusekerera. Pansi pake panali tsiku la mwezi wachitatu chiikireni maliro, ndi mzere woyamba: "Lero ndadzuka ndikuganiza za inu, osati za iye, ndipo sindikudziwa ngati Mulungu andikhululukira."

"Atiwerengere alamu," anatero mlamu. "Mawu awo ndi okoma."

Apongozi anafinya dzanja la Nesi mwachikondi, natsamira kumbuyo, n'kutseka maso.

"Yamba, mwana wanga. Ndikumvetsera."